Magalasi ojambula, mawotchi omvetsera: nanga chinsinsi cha amene sanagule?

Pa TikTok ndi pa Facebook pakuchuluka makanema a mtundu wina. Chithunzi chimayenda mmene mutu wa munthu umayendera, manja onse awiri a wojambula akuoneka ali pa ntchito ina, ndipo amene akulankhula naye akumuyang'ana m'maso, osati pa foni. Makanema otere amajambulidwa ndi magalasi ovala kumaso, ndipo kawirikawiri wojambulidwayo sadziwa kanthu mpaka tsiku limene mnzake amutumizira n'kufunsa kuti, "Kodi uyu si iwe?"

Muno mu Lilongwe magalasi amenewa sanafale, poti mtengo wake ndi madola mazana angapo, koma akulowa pang'onopang'ono m'zikwama za anthu ochokera ku Johannesburg, ku Dubai kapena ku London. Mawotchi owerenga mapazi ndi kugunda kwa mtima ndiwo ali mbwee, kuyambira odula a ku Gateway Mall mpaka otsika mtengo amene mavenda amayenda nawo m'Tauni. Nkhaniyi ikabuka m'magulu a WhatsApp anthu amagawanika. Ena amati palibe chachilendo, foni nayonso imajambula ndipo tinazolowera. Ena amaiona ngati ukazitape wa m'mafilimu. Onsewa akhudza choona, koma pamene pagona vuto ndi pena.

Zipangizo zake ndi ziti?

Tikunena za makompyuta ang'onoang'ono amene munthu amavala pathupi tsiku lonse, ndipo amatolera zinthu ngakhale mwiniwake asakuwaganizira. Ena amaona, monga magalasi okhala ndi kamera pakona ya felemu. Ena amamva, monga tizipangizo tovala m'khosi kapena pamkono timene timamvetsera zokambirana za tsiku lonse, n'kuzilemba, n'kutumiza chidule chake pa foni. Ena amayeza thupi: mawotchi ndi mphete zowerenga kugunda kwa mtima, tulo, kutentha kwa khungu ndi malo amene munthu wapondako. Zambiri mwa izi sizigwira ntchito pazokha. Zimalumikizana ndi foni kudzera pa Bluetooth, foniyo n'kutumiza zonse pa intaneti.

Maganizo ake ndi akale kuposa intaneti. Mu 1945 wasayansi wa ku America, Vannevar Bush, analemba za kakamera kovala pamphumi ndi makina osunga zimene munthu wawerenga kuti asamaziiwale. Steve Mann wa ku Canada ankavala kale makompyuta okhala ndi kamera kumutu m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 1994 anayamba kuulutsa pa intaneti zimene maso ake akuona. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ofufuza a Microsoft ku Cambridge anapanga SenseCam, kamera yolendewera pachifuwa imene inkajambula yokha tsiku lonse. Madokotala anaiyesa pa odwala amene matenda a muubongo anawalanda kukumbukira, ndipo kuonanso zithunzi za tsikulo kunkawathandiza. N'kosavuta kuganiza kuti zipangizozi anazipangira ukazitape, koma ambiri mwa oyambitsawo ankalimbana ndi kuiwala.

Anthu wamba anazimva mu 2013, Google itayamba kugulitsa Google Glass pa madola 1,500. Magalasiwo ankaoneka achilendo, aliyense ankawazindikira patali, ndipo mabala ena ndi malo oonetsera mafilimu ku America anawaletsa. Pofika Januwale 2015 Google inasiya kuwagulitsa kwa anthu wamba. Tikaona zimene zinatsatira, phunziro limene makampani anatolapo ndi loti kamera isamaoneke ngati kamera. Mu 2021 Facebook, imene tsopano ndi Meta, mogwirizana ndi kampani yopanga magalasi a Ray-Ban, inatulutsa magalasi ooneka ngati ena onse. Mtundu wachiwiri unatuluka mu 2023, ndipo kumayambiriro kwa 2025 opangawo ananena kuti agulitsa 2 miliyoni.

Kusiyana kwake ndi foni

Kamera ya foni ndi ya magalasi sizisiyana kwenikweni, mwinanso ya foni ndiyo yakuthwa. Kusiyana kuli pa chizindikiro. Munthu akafuna kujambula ndi foni amaitulutsa m'thumba, amaikweza, amailozetsa. Kamphindi kameneko ndiko kamakupatsani mpata wophimba nkhope, wosintha nkhani, kapena wofunsa kuti, "Achimwene, mukujambula chiyani?" Pamaliro wina akakweza foni anamfedwa akulira, pamapezeka wamkulu womunong'oneza kuti atsitse. Ulemu wathu wonse pa nkhani ya kujambula wadalira dzanja lokwezedwalo. Magalasi amalichotsa, ndipo kuyang'ana ndi kujambula kumakhala chinthu chimodzi.

Nkhawa yotere si yoyamba. Kampani ya Kodak itatulutsa kamera yonyamula m'manja mu 1888, anthu ku America anadandaula kuti tsopano aliyense angajambulidwe mumsewu osapemphedwa, poti kale kujambulitsa kunali kukhala phee patsogolo pa makina aakulu. Mu 1890 maloya awiri, Samuel Warren ndi Louis Brandeis, analemba nkhani yonena kuti munthu ali ndi ufulu woti ena amusiye, ndipo malamulo ambiri a chinsinsi a ku America anamera pamenepo. N'chifukwa chake ena amati mmene dziko linazolowerera Kodak, kenako foni, lidzazoloweranso magalasi. Ena amayankha kuti pa Kodak ndi pa foni chizindikiro chinalipobe.

Opanga amati chilipo ndithu: kanyali koyera kamene kamayaka pa felemu kamera ikamajambula. Mu 2021 mabungwe oteteza chinsinsi a ku Ireland ndi ku Italy anafunsa Facebook kuti ionetse umboni woti kanyali kochepa chonchi anthu amakaonadi. Pa mtundu wa 2023 anakakulitsa, n'kuikanso njira yoti kamera ikane kujambula ngati wina wakaphimba. Komabe pa intaneti pali ogulitsa timapepala tomata pa kanyaliko ndi ena ochita kukathimitsiratu, ndiponso pali magalasi a makampani ang'onoang'ono amene alibiretu nyali. Ku Japan ndi ku South Korea anasankha phokoso: mafoni ogulitsidwa kumeneko amalira pojambula chithunzi ngakhale mwiniwake atatsitsa voliyumu. Kwa ife funso ndi lapafupi. Masana a mu Okutobala pa depoti, dzuwa likuswa mtengo, oitanira akukuwa, ndani angaone kanyali pa nkhope ya munthu amene waima kumbuyo kwake iye akulemba nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba? Ndipo atakaona, ndi angati akudziwa tanthauzo lake?

Zojambulidwa zimapita kuti?

Kaseti yakale inkakhala m'kabati, ndipo mwiniwake ankadziwa pamene ili. Zipangizo zatsopanozi n'zazing'ono, batire yake ndi yochepa, sizingathe ntchito yolemetsa yosandutsa mawu kukhala malemba kapena yozindikira zimene zili pachithunzi. Ntchito imeneyo imachitikira m'makompyuta akuluakulu a kampani, ku America, ku Ulaya kapena ku China. Mukafunsa magalasi kuti, "Ichi n'chiyani?" amajambula zimene mukuyang'ana n'kutumiza kumeneko kuti AI, pulogalamu ya kompyuta yotsanzira nzeru za munthu, iyankhe. Chithunzicho chimapita ndi zonse zili mmenemo: nkhope ya mayi wogulitsa tomato, nambala ya galimoto, kalata imene inali patebulo.

Kumeneko si makina okha amene amaona ndi kumva. Kuti AI iphunzire, makampani amalemba anthu ntchito yomvetsera zina mwa zojambulidwa n'kumakonza pamene makina alakwitsa. Mu 2019 zinaululika kuti Amazon, Google ndi Apple onse ankachita zimenezi ndi mawu a anthu. Wogwira ntchito wina anauza nyuzipepala ya The Guardian kuti ankamva zokambirana za odwala ndi madokotala, za malonda ndi za kuchipinda, chifukwa Siri, pulogalamu ya Apple yoyankha munthu akailankhula, inkadzuka yokha ikamva mawu ofanana ndi oiitanira, ndipo wotchi ya Apple inali m'gulu la zipangizo zodzuka molakwika kawirikawiri. Apple inapepesa n'kusintha ndondomeko, ndipo mu 2025 inavomera kulipira madola 95 miliyoni pothetsa mlandu wokhudza nkhaniyi, ngakhale sinavomere kulakwa.

Chinanso, malonjezo a kampani amasintha, ndipo kampaniyo imatha kugulitsidwa. Mu Epulo 2025 Meta inasintha ndondomeko ya magalasi ake: mawu amene mwiniwake amalankhula kwa AI amasungidwa mpaka chaka chimodzi, ndipo mwayi wokaniratu kusungako unachotsedwa, chotsala n'kumafufuta nokha. Google inagula Fitbit, kampani yopanga mawotchi oyeza thupi, pa madola 2.1 biliyoni, ndipo European Union inavomereza malondawo mu 2020 Google italonjeza kuti kwa zaka 10 sidzagwiritsa ntchito zaumoyo za ovala mawotchiwo potsatsa malonda. Mu 2025 Amazon inalengeza kuti ikugula Bee, kakampani kopanga chibangili cha madola 50 chomvetsera zolankhula za tsiku lonse. Amene anakhulupirira kakampani kakang'ono amangodzuka nkhani zake zili m'manja ena.

Tinthu ting'onoting'ono tikaunjikana

Wina anganene kuti yake ndi wotchi chabe, ilibe kamera. Taganizani za kope la ngongole la pa golosale ya m'dera lanu. Mzere uliwonse pawokha ndi wopanda kanthu: shuga, sopo, makandulo awiri, Panado. Koma wowerenga kope la miyezi 6 adziwa tsiku limene malipiro amafika, sabata imene pakhomopo panali alendo, mwezi umene mwana anadwala, ndi nthawi imene bambo anasiya kugona pakhomo poti fodya sakulembedwanso. Palibe amene wamuuza. Wotchi imalemba kope lotere mphindi iliyonse, usana ndi usiku.

Kugunda kwa mtima ndi kutentha kwa khungu kungasonyeze kuti mayi ndi woyembekezera iye asanauze munthu. GPS ingasonyeze kuti wina amapita ku chipatala chakutichakuti miyezi itatu iliyonse, ndipo m'dziko limene ambiri amalandira ma ARV mwakachetechete, tanthauzo lake aliyense angaliganize. Ingasonyezenso nyumba imene munthu amagona Lachisanu, mpingo umene amapemphera, ndi msonkhano wa chipani umene anapitako.

Mu Novembala 2017 kampani ya Strava, imene app yake amagwiritsa ntchito othamanga ndi opalasa njinga, inatulutsa mapu a dziko lonse oonetsa njira zimene anthu ake amadutsa. Munalibe mayina, munali mizere yowala basi. Mu Januwale 2018 wophunzira wina wa ku Australia anaona kuti m'zipululu za ku Syria ndi ku Afghanistan, kumene kulibe othamanga ndi mawotchi odula, muli timizere towala tozungulira malo amodzi. Anali asilikali a mayiko akunja akuthamanga m'misasa yawo, ina mwa iyo yobisika. Palibe anaba kanthu, palibe anathyola kompyuta. Kuchepa kwa ovala ndiko kunawaulula, ndipo pamenepa Lilongwe ikufanana ndi chipululu kuposa London. Mzere umodzi woyambira pa geti ina ku Area 47 nthawi ya 5 koloko m'mawa uliwonse, n'kukazungulira ku Bingu National Stadium n'kubwerera, mwini wake savuta kumudziwa, ndipo mbala imadziwiranso pomwepo ola limene iye kulibe.

Kope lomweli limathanso kunena zoona anthu akamanama. Ku Connecticut mayi wina anaphedwa m'nyumba mwake mu 2015, mwamuna wake n'kunena kuti wachita ndi wakuba. Fitbit ya mayiyo inasonyeza kuti ankayendabe pafupifupi ola lathunthu itadutsa nthawi imene mwamunayo anati anaphedwa. Khothi linapeza mwamunayo wolakwa mu 2022.

Nkhope ikasanduka manambala

Kompyuta imayeza nkhope n'kuisandutsa mndandanda wa manambala, kenako imafufuza pakati pa zithunzi mamiliyoni kuti ipeze yofanana nayo. Chidindo cha chala chimafuna kuti mupereke dzanja, pomwe nkhope imatengedwa patali. Pamene a NRB ankalembetsa ziphaso za unzika mu 2017, anthu oposa 9 miliyoni anapereka zala ndi nkhope, koma ankadziwa kuti akupereka, kwa ndani, ndi chifukwa chake.

Mu Okutobala 2024 ophunzira awiri a pa yunivesite ya Harvard analumikiza magalasi a Meta ndi PimEyes, tsamba lofufuza nkhope pa intaneti, komanso ndi malo ena osunga mbiri za anthu. Akayang'ana munthu wachilendo pa siteshoni ya sitima, posakhalitsa foni inkawauza dzina lake, ntchito yake, nthawi zina ndi kumene amakhala, iwo n'kumulonjera ngati anadziwana kale. Pulogalamuyo sanaigawe, anati ankafuna kuchenjeza. Meta inayankha kuti zomwezo zingatheke ndi kamera ina iliyonse, zimene ndi zoona. Ophunzirawo anati anasankha magalasi chifukwa sasiyana ndi magalasi wamba, zimenenso ndi zoona. Facebook yeniyeniyo inali ndi makina ozindikira nkhope pa zithunzi kuyambira 2010, ndipo inawazimitsa mu Novembala 2021 n'kulonjeza kufufuta nkhope za anthu oposa 1 biliyoni, itazengedwa kale milandu ku America.

Kuno ena angadzitonthoze kuti mbiri zathu sizili pa intaneti ngati za Azungu. N'zoona pang'ono, koma zithunzi za maukwati, zinkhoswe ndi makwaya zili mbwee pa Facebook ndi mayina ake omwe. Palinso vuto la mbali ina, loti makina alakwitse. Kafukufuku wa Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru wa 2018 anapeza kuti ena mwa makina otchuka ouza ngati nkhope ndi ya mwamuna kapena ya mkazi ankalakwitsa pafupifupi kamodzi pa katatu pa akazi akuda, pomwe pa amuna oyera sankafika pa 1 peresenti. Mu 2020 apolisi a ku Detroit anamanga bambo wina wakuda ana ake akuona, chifukwa kompyuta inamufananitsa ndi wakuba mawotchi m'sitolo. Makina apita patsogolo kuchokera nthawiyo, koma mumzinda mmene kukuwa kuti "wakuba!" kumatha kuphetsa munthu pamsika, kulozedwa molakwika si nkhani yaing'ono.

Wovomera ndi wina, wojambulidwa ndi wina

Malamulo ambiri a chinsinsi amadalira chilolezo. Mukatsegula app imakupatsani masamba ataliatali a Chingerezi, inu n'kudina pansi pake kuti mwavomera. Tisiye zoti pafupifupi aliyense amadina osawerenga. Vuto lalikulu ndi loti wodina ndi wogula yekha. Mkazi wake sanadine. Mlonda, wa kabaza, ophunzira m'kalasi, amene wakhala naye mpando umodzi m'minibasi ya ku Area 25, onsewa ali m'zojambulidwa, koma kampani siwawerenga ngati makasitomala ake, ndipo iwo sadziwa khomo loti akagogode kuti zawo zifufutidwe. Meta imalangiza ovala kuti azizimitsa magalasi kwa dokotala, kusukulu, kumalo opempherera ndi m'zimbudzi za anthu onse. Ndiye kuti zonse zasiyidwa pa ulemu wa wovalayo.

Ngakhale chilolezo chitapemphedwa, si aliyense angakane. Mtsikana wantchito ku Area 43 abwana ake akati, "Ndizivala ichi kuti ndisamaiwale zimene takambirana," angayankhe chiyani kupatula "Chabwino, bwana"? Ana nawonso chimodzimodzi. Mu 2017 boma la Germany linaletsa mawotchi a ana okhala ndi njira yoti kholo lizimvetsera patali mwakachetechete, litapeza kuti makolo ena ankamvetsera aphunzitsi m'kalasi, ndipo linauza amene anagula kale kuti awaphwanye. Kholo lodera nkhawa mwana amene amapita kusukulu pa kabaza lili ndi chifukwa chomveka. Mphunzitsi ndi ana ena onse m'kalasimo nawonso ali ndi chawo, kungoti palibe wawafunsa.

Chinthu china chimene chimatayika n'chovuta kuchilemba m'malamulo. Pagulu sitibisala, anthu amationa tsiku lililonse, koma amaiwala. Mawu amene munalankhula mutapsa mtima pa bawo, kapena mutakhuta ku Bwandilo, mawa lake amakhala atazilala, wofotokoza aliyense akunena zake. Akuluakulu ankachenjeza kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, koma ankanena za mlomo wonyamulidwa ndi anthu, ndipo anthu amatopa. Mawu osungidwa satopa. Taona kale mmene ma voice note otayikira pa WhatsApp amagwetsera maukwati, ntchito ndi andale, ndipo amenewo anajambulidwa ndi foni imene wina anachita kuidina dala. Achikulire amene anakhala m'nthawi ya chipani chimodzi, referendamu ya 1993 isanachitike, amakumbukira mmene munthu ankayang'anira uku ndi uku asanatchule za boma m'basi kapena pamowa, posadziwa kuti kazitape ndi uti. Nthawi imeneyo khutu linali la boma. Zipangizozi zimaika khutu pa aliyense, ndipo wovalayo mwina alibe n'komwe cholinga choipa.

Mbali inayo nayo ndi yolemera. Munthu wosaona atavala magalasi otere amatha kufunsa kuti pa botolo la mankhwala palembedwa chiyani, kapena kulumikizana ndi munthu wodzipereka kudzera pa app ya Be My Eyes kuti amuuze zimene zili patsogolo pake. Kumuuza kuti azimitse kamera pagulu n'kumulanda maso kachiwiri. Magalasi ena atsopano amalemba pagalasi mawu a wolankhula kuti wosamva awerenge. Wotchi imazindikira nkhalamba ikagwa kapena mtima ukayamba kugunda mosokonekera. Kwa dalaivala amene wapemphedwa ya Fanta pamsewu, kapena mayi amene amamenyedwa koma palibe akumukhulupirira, kujambula mobisa kungakhale umboni wokhawo umene ali nawo. Steve Mann ankanena zomwezi: makamera akhala akuloza pansi kuchokera kwa amphamvu, sitolo, banki, boma, ndiye palakwika chiyani wamng'ono akalozetsa yake m'mwamba? Mfundo yake ndi yamphamvu, kungoti magalasi a madola mazana angapo sayambira kufika kwa wamng'ono.

Malamulo athu akuti chiyani?

Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi limapatsa aliyense ufulu wa chinsinsi: asasechedwe iye, nyumba yake kapena katundu wake, zake zisalandidwe, ndipo makalata ndi mauthenga ake asalowereredwe. Mawuwa analembedwa mu 1994 ndi anthu amene ankakumbukira makalata otsegulidwa ku positi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 linabweretsa milandu yozunza, kuopseza ndi kulondalonda munthu pogwiritsa ntchito kompyuta. Kenako Data Protection Act inayamba kugwira ntchito mu Juni 2024, ndipo inapatsa MACRA udindo woyang'anira mmene mabungwe ndi makampani amatolera ndi kusunga zokhudza anthu. Mwa zina, lamuloli limafuna kuti pakhale chifukwa chovomerezeka chotolera, limapatsa munthu ufulu woona zimene zasungidwa za iye ndi wopempha kuti zikonzedwe kapena zifufutidwe, ndipo zaumoyo ndi zoyeza thupi monga zala limaziika m'gulu lofuna chisamaliro chapadera.

Malamulo amtunduwu, kuphatikizapo GDPR ya ku Ulaya imene inayamba mu 2018 ndipo mayiko ambiri atengerako, analembedwa poganizira banki, chipatala, kampani ya mafoni: bungwe lalikulu mbali ina, munthu mbali ina. GDPR sikhudza munthu amene akusunga zinthu za iye yekha ndi banja lake, apo ayi aliyense wokhala ndi manambala a anzake m'foni akanakhala pa mlandu. Malire ake ndiwo ovuta. Mu 2014 khothi lalikulu la European Union linaweruza nkhani ya bambo wina wa ku Czech Republic amene anaika kamera panyumba pake atatopa ndi omuphwanyira mawindo. Kamerayo inkaonanso msewu ndi khomo la nyumba yoyang'anizana nayo, ndipo khothi linati ikangojambula malo a anthu onse, si nkhaninso ya pabanja. Imeneyo inali kamera yokhomedwa pakhoma. Ya magalasi imadzuka m'chipinda chogona, imakwera minibasi, imalowa mu ofesi ku Capital Hill, madzulo n'kukazonda wodwala ku Bwaila, zonsezi tsiku limodzi.

Zimene sizinayankhidwe

Wovala magalasi akamadutsa mumsika wa Lizulu, kodi akutolera nkhope za anthu payekha, kapena akutolerera kampani imene ikulandira zithunzizo? Yankho lake ndilo lidzanene woyenera kumudandaulira. Ngati ndi kampani, MACRA ingachite chiyani ndi kampani imene ilibe ofesi m'Malawi, imenenso msika wathu siuwerengera? Ireland ndi Italy anamvedwa chifukwa kumbuyo kwawo kuli msika wa anthu pafupifupi 450 miliyoni ndi chindapusa chofika 4 peresenti ya ndalama zimene kampani imapeza pachaka padziko lonse. Ena amati mayiko a mu Africa agwirizane chimodzi, ndipo pangano la Malabo la 2014 lilipo, koma linadikira mpaka 2023 kuti mayiko 15 alivomereze n'kuyamba kugwira ntchito.

Palinso zoti MACRA yomweyo ndiyo imayang'anira makampani a mafoni ndi mawailesi, ndipo ambiri akukumbukirabe mkangano wa makina ake a CIRMS ounikira ntchito za mafoni, amene anthu ankawatcha makina aukazitape mpaka nkhani yake inafika kukhothi. Ena amati woteteza chinsinsi ayenera kukhala bungwe loima palokha. Ena amati kukhazikitsa latsopano kukanadya ndalama ndi zaka, bola kuyamba ndi limene lilipo.

Eni malo nawo akuyembekezera chowatsogolera. Mlonda wa pa banki amadziwa kuuza kasitomala kuti abweze foni m'thumba, koma magalasi ojambula amaikidwanso mandala a dokotala, ndiye kumuvula munthu n'kumusiya akufufuza njira. Oyang'anira mayeso a MANEB anazolowera kusaka likasa m'masokosi, nanga likasa lokhala pamphuno poyera? Kukhothi, mawu ojambulidwa mobisa m'nyumba ya munthu alandiridwe ngati umboni nthawi zonse, kapena pokhapokha wojambulayo anali pa ngozi? Apolisi akafuna zimene wotchi yasunga, apemphe kwa ndani? Ku South Africa kampani ya inshuwalansi ya Discovery imapereka kale mphotho kwa amene mawotchi awo akusonyeza kuti amachita masewera olimbitsa thupi, ndipo palibe akudziwa malire amene mphotho ya wovala imasandukira chilango cha wokana kuvala.

Pansi pa zonsezi pali funso la umwini. Anthu awiri akakambirana, zokambiranazo n'zandani, ngati mmodzi yekha ndiye ali ndi chipangizo? Ndipo wovalayo akamwalira, zojambulidwa za zaka zambiri, mmene muli mawu a mkazi wake, anzake ndi amene ankadana nawo, zili m'gulu la chuma chamasiye chimene abale amagawana, kapena zimatsala ndi kampani?